Mayi Ndiye Kapitawo pa Nyumba Yake

Amayi anzanga, sabata yatha ndidakacheza ndi mayi ena ku Mchengautuwa, muno mu Mzuzu. Ndidawapeza ataima pamalo pamene akumangitsa nyumba, kope lili m'manja, akuwerenga matumba a simenti amene anyamata amatsitsa m'galimoto. Amuna awo ali ku Joni, ndipo chaka chino n'chachitatu. Ndalama amatumiza mwezi ndi mwezi, koma woyang'anira ntchito ndi mayiwa. Nditawafunsa amene adawaphunzitsa zimenezi, adaseka nati, "Mphunzitsi wanga ndi khoma lakumbuyolo. Lidagwa dzinja lathali, ndisanadziwe kufunsa."

Amayi otere alipo ambiri, m'tauni muno ndi kumidzi ya ku Mzimba komwe. Bambo akhale ku Joni kapena ku ofesi tsiku lonse, amene amaona amisiri m'mawa ndi madzulo ndinu. Choncho ndinu akapitawo, ngakhale palibe amene adakulembani ntchitoyo. Khoma likang'ambika, funso lakuti "ndalama zanga zidapita kuti?" limabwera kwa inu, ndipo mabanja ena agwedezeka pa funso lomweli. Nchifukwa chake lero ndati tikambirane za ukapitawo.

Pa ntchito zikuluzikulu pamakhala anthu awiri ofunika. Kontrakitala ndiye amene amasaina pangano, nagula zipangizo ndi kulipira antchito. Kapitawo ndiye amakhala pamalopo tsiku ndi tsiku kuonetsetsa kuti chimene chili pa pulani ndicho chikumangidwa. Iye sanyamula njerwa. Chida chake ndi maso. Amadziwa kuti nyumba imalimba kapena kufooka pa zinthu zimene zimakwiririka, zimene mlendo sadzaziona nyumba ikapakidwa penti. Zimenezo ndizo inunso muyenera kuziona zisanabisike.

Tisaiwale dziko limene tikumangapo. Mzuzu ndi wa zitunda ndi madambo, ndipo mvula yathu imapitirira mpaka April, nthawi zina May, kwina itasiya kale. Mu April 2016 mvula yamphamvu idagwetsa nyumba zambiri ku Masasa, ku Chibavi, ku Chiputula ndi m'madera ena a mzinda uno, ndipo anthu ena adataya miyoyo. Zambiri mwa nyumbazo zidali m'malo otsetsereka kapena m'malo odikha madzi. Tsono musanagule poloti, kaiyendereni m'dzinja, osati mu October pamene paliponse pali pouma. Mukagula, pititsani pulani yanu ku khonsolo ya mzinda kuti akaivomereze musanakumbe.

Kusankha mmisiri ndiye ntchito yachiwiri. Kuyambira mu 1996, pamene boma lidakhazikitsa bungwe la National Construction Industry Council, kontrakitala amayenera kukhala m'kaundula, ndipo si mwano kumupempha kuti akuonetseni chikalata chake. Ngati ndi mmisiri wapayekha, apite nanu ku nyumba ziwiri kapena zitatu zimene adamanga, zimene zapyola madzinja angapo. Mukafika, muchezenso ndi mayi wa pakhomopo panokha. Safunsa adadya phula.

Mukagwirizana mtengo, lembani pa pepala, pakhale ndi mboni. Ntchito muigawe m'magawo: maziko, khoma kufika pa mawindo, khoma kufika pamwamba, denga, pomaliza pulasitala. Gawo likatha ndipo mwaliona, ndiye mulipire. Musapereke ndalama zonse poyamba, ngakhale mmisiriyo akhale mlamu wanu. Makontrakitala aakulu omwe salandira zonse tsiku lomaliza. Eni ntchito amasungako pang'ono mpaka ataona kuti palibe chalakwika.

Tsiku lokumba maziko musapite kumsika. Onetsetsani kuti akumba kupitirira dothi lakuda lapamwamba mpaka afika pa nthaka yolimba. Ngati malowo ndi otsetsereka, maziko akumbidwe ngati masitepe, pansi pake pali posalala. Akakhoma zikhomo za chipinda, tengani chingwe muyeze kuchokera pa ngodya imodzi kufika pa ngodya yopingasana nayo, kenaka muyezenso ngodya ziwiri zotsalazo. Miyeso iwiriyo ikasiyana, chipindacho n'chokhota, ndipo mudzavutika pofolera. Khoma lisanayambe kukwera pamwamba pa maziko, ayale pepala lakuda la pulasitiki lija. Ndilo limaletsa chinyezi kukwera m'khoma. Kwa ife a ku Mzuzu, nyumba yopanda pepala limeneli imanunkha nkhungu chaka chonse, ndipo ana sachira chifuwa.

Tsopano za simenti, pakuti apa ndi pamene ndalama zimathawira. Thumba limodzi ndi makilogalamu 50. Musaliike pansi penipeni. Muyale matabwa m'chipinda chosadontha, ndipo kiyi akhale ndi inu. M'mawa lembani matumba amene mwatulutsa, madzulo mulandire mapepala ake opanda kanthu. Mayi a ku Mchengautuwa aja adandiuza kuti chiyambire kuchita zimenezi, simenti yawo idasiya kumera miyendo.

Kusakaniza nakonso kuli ndi muyeso, monga mmene zilili pophika chikondamoyo. Konkire ya mizati ndi ya pamwamba pa mawindo kawirikawiri imafuna ndowa imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga ndi zinayi za miyala, zonse zoyezedwa ndi ndowa imodzimodziyo. Mchenga ukhale woyera, wopanda dothi. Kuti mudziwe, thirani mchenga pang'ono m'botolo la madzi, mukhutchumule, muusiye ukhazikike. Pamwamba pa mchengawo pakakhala matope ochindikala, musaulandire. Njerwa zootcha azinyowetse asanamangire, chifukwa njerwa youma imamwa madzi a m'simenti, khoma nkukhala losagwirana.

Konkire ikathiridwa imafuna madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku osachepera 7, ndipo imafika pa mphamvu yake yeniyeni pakatha masiku 28. Amisiri ambiri ntchito yothirira amaiiwala, popeza ndalama alandira kale. Imeneyi ndi ntchito yanu, ndipo siilira ndalama koma ndowa ndi khama.

Musalole kuti denga likwere popanda lamba wa konkire wokhala ndi zitsulo m'kati, amene amisiri amati ring beam. Lambayu amazungulira nyumba yonse pamwamba pa zitseko ndi mawindo namanga makoma onse pamodzi. Ife a chigawo chino tikukumbukira zivomezi za ku Karonga mu December 2009, pamene makoma ambiri adang'ambika ndi kugwa. Matabwa a denga, monga a paini a ku Chikangawa, akhale ouma bwino ndi opakidwa mankhwala a chiswe, ndipo amangiriridwe kolimba ku khoma kuti mphepo isasasule malata.

Koma amayi, ukapitawo si ukali. Mmisiri ndi bambo wa banja lake, ndipo naye ali ndi ana ofuna kudya. Tsiku lolipira likakwana, mulipire. Mukaona cholakwika musamukalipire pamaso pa anyamata ake. Mayi aja ndidawamva akuitanira mmisiri wawo pambali nati, "Adada, ngodya iyi ikundikayikitsa. Tiyeni tiyezenso pamodzi." Bambowo adatenga levulo, adayeza, nagumula mizere iwiri popanda mkangano. Akadawanyoza pagulu, mwina akadanyamula zida zawo osabweranso.

Amuna anu nawonso musawasiye mumdima. Malisiti onse asungidwe m'kope lomwelo, ndipo gawo lililonse likatha atumizireni chithunzi pa foni. Abale a kuchimuna akayamba kunong'ona kuti ndalama za mwana wawo mukudyera, kope lija ndilo lidzakuyankhirani. Pamene simukumvetsa, itanani munthu wodziwa zomanga adzaone, ngakhale mumupatse kangachepe. Mutu umodzi susenza denga.

Mau otsiriza ndi a ana athu aakazi. Pafupifupi paliponse pamene akumanga mu Mzuzu muno mudzapeza amayi akutunga madzi ndi kusenza njerwa pa ganyu. Ntchito yolemetsa tikuigwira kale, koma malipiro ake ndi otsikitsitsa. Chikutiletsa n'chiyani kugwira levulo ndi pulani? Ku Mzuzu Technical College amaphunzitsa zomangamanga ndi ukalipentala, ndipo bungwe la TEVETA, limene lidayamba mu 1999, limalimbikitsa atsikana kulowa maphunziro a ntchito zamanja. Mwana wanu wamkazi akanena kuti akufuna kukhala mmisiri, musamuseke kapena kumuopseza kuti sadzakwatiwa. Mmisiri wa lero ndiye kapitawo wa mawa, ndipo kontrakitala amachokera pomwepo.

Pamene ndimatsazika ku Mchengautuwa, mwana wamkazi wa mayi aja, wa Fomu 2, adali atagwira nsonga ina ya chingwe, akuthandiza amayi ake kuyeza chipinda chochezera. Khoma lakumbuyo lija laimanso, ndipo ulendo uno mayiwo akudziwa chimene chili pansi pake.

Ngati mukumangitsa chaka chino, gulani kope lanu mawa lomwe. Tsalani bwino amayi anzanga, tidzachezanso sabata yamawa.