Kufunsira kwa Bwana Si Kufunsira

Pa mawu onse amene amateteza amuna a maudindo m'maofesi, m'masukulu ndi m'minda ya tiyi, palibe amene agwira ntchito yaikulu kuposa mneni wofatsa uja, kufunsira. Mlembi akakadandaula kuti bwana anamutsekera chitseko namuuza kuti kalata yomukweza pantchito ikudikira yankho lake, funso loyamba limene amalandira ndi lakuti, "Kodi sikuti amangokufunsirani?" Mlandu umafera pomwepo. Kufunsira si tchimo. Maukwati onse anayambira pamenepo. Mkazi uja amatuluka ali ndi manyazi ngati kuti wolakwa ndi iyeyo, pakuti chimene chamuchitikira achipatsa dzina la chinthu chabwino.

Komatu kufunsira kuli ndi lamulo lake limene aliyense wolankhula Chichewa amalidziwa. Wofunsira amapempha, ndipo wofunsiridwa ali ndi mphamvu yonena kuti ayi n'kupitiriza ulendo wake wa kuchitsime osataya kanthu. Ayi akakhala ndi mtengo, akakhala kuti adyetsa munthu ntchito, malikisi a mayeso, kapena dzina lake pa mndandanda wa olembedwanso nyengo yothyola tiyi, pempho lija lasanduka lamulo. Muyeso wozindikirira nkhanza za mtunduwu ndi womwewo. Safunika kufufuza ngati bwanayo anamwetulira kapena anakalipa. Funso ndi lakuti: mkaziyo akanakana, akanataya chiyani?

Lamulo la Malawi linanena kale mbali yake. Gawo 24 la Malamulo Aakulu a dziko a 1994 limalamula kuti pakhale malamulo othetsa nkhanza zotere kwa amayi. Gender Equality Act ya 2013, m'gawo 6, imati ndi mlandu kuchitira munthu chilichonse chokhudza zachiwerewere chimene iye sakuchifuna, kaya ndi mawu, kaya ndi zizindikiro, kaya ndi kumugwira, pamene munthu woganiza bwino akanadziwiratu kuti mnzakeyo akhumudwa, anyozeka kapena aopsezedwa. Chilango chake ndi K1,000,000 ndi zaka 5 m'ndende. Gawo 7 limafuna kuti olemba ntchito akhale ndi ndondomeko yolandirira madandaulo. Mawu abwino ndithu. Koma analembedwa m'Chingerezi, ndipo nkhanza zake zimachitika m'Chichewa.

Ena pamenepa amathamangira kunena kuti zilankhulo za mu Africa n'zosauka, zilibe dzina la mchitidwewu chifukwa ndi nkhani yobwera ndi azungu. Ameneŵa sadziwa mbiri ya Chingerezi chomwecho. Mawu akuti sexual harassment sanali pakamwa pa anthu kufikira 1975, pamene amayi ena pa Cornell University, ku America, anakhala pansi kufuna dzina la zimene zinachititsa Carmita Wood kusiya ntchito. Buku la Catharine MacKinnon limene linathandiza kuti dzinali likhazikike m'malamulo linatuluka mu 1979. Miranda Fricker, m'buku lake la 2007, anagwiritsa ntchito nkhani ya Wood yomweyo posonyeza kuti munthu amalakwiridwa kawiri ngati anthu a kwawo alibe mawu ofotokozera chimene chamuonekera. Chingerezi sichinabadwe nalo dzinali. Anachita kulisula, ndipo analisula amayi amene anatopa.

Chichewa si chosauka. Vuto lake ndi lakuti mawu amene alipo anaima kumalekezero awiri. Uku kuli kufunsira, kusereula ndi nthabwala. Uko kuli kugwiririra. Pakati pali chigwa chachikulu m'mene muli dzanja loiwalika paphewa, ndemanga za mbina pamsonkhano, uthenga wa pa foni wa pakati pa usiku, ulendo wa kunyanja umene pa zifukwa zosadziwika mwapezeka chipinda chimodzi chokha. Mkazi akati "sanandigwiririre", omvera amamva kuti "palibe chinachitika".

Omasulira a mabungwe anayesa kudzaza chigwacho ndi mawu akuti "nkhanza zokhudza kugonana", ndipo apa ndi pamene wophunzira chilankhulo ayenera kuimitsa dzanja. Kugonana ndi kugona kumene kwalandira msintho wochitirana, -an-. Monga anafotokozera Sam Mchombo m'buku lake la 2004 la kalumikizidwe ka mawu m'Chichewa, msinthowu umachotsa pamtherankhani: wochitiridwa uja amasamukira ku mwininkhani, nakhala wochita nawo. Tsono m'kati mwenimweni mwa dzina la mlandu muli kachilembo konena kuti anthu awiriwo anagwirizana. Kachilembo komweko kamamveka m'makhonde a maofesi: "amakondana", "anamvana", "anali pachibwenzi kenaka anayambana". Msintho wochitidwa nawo uli ndi ntchito yake. "Mayi wachitidwa chipongwe" ndi chiganizo chathunthu chimene sichifuna kutchula wochita chipongweyo, ndipo nyuzi zimachikonda pa chifukwa chomwecho.

Pali chishango china, chobwerekedwa ku mudzi. Bwana amaitana wantchito kuti "mlamu" kapena "akazi anga", ndipo akadzudzulidwa amati ndi chikhalidwe. N'zoona kuti asuweni amatchulana mwamuna ndi mkazi, ndipo chilamu chili ndi nthabwala zake zoluma. Koma ufulu umenewo umachokera ku ubale umene mudzi wonse ukuudziwa, ndipo umayenda mbali zonse ziwiri: msuweni wasereulidwayo amabweza moposa, anthu n'kuseka. Mesenjala wamkazi sangabweze nthabwala kwa munthu wosaina malipiro ake. Wotchula chikhalidwe pamenepa watenga ufulu wa chisuweni n'kusiya malire ake. Za mwambi uja woti mwamuna ndi tonde, ingonenedwa mfundo imodzi: tonde salemba anthu ntchito.

Zotsatira zake si za m'kalasi la galamala. Mu 2021 bungwe la Malawi Human Rights Commission linatulutsa lipoti lopeza kuti amayi ena ogwira ntchito ku MBC anachitiridwa nkhanza zotere ndi yemwe anali mkulu wa bungwelo, zina mwa izo zaka zambiri m'mbuyomo. Chaka chomwecho kampani ya ku Britain ya Camellia inavomera kupereka mapaundi 2.3 miliyoni, kuphatikizapo zolipira maloya, pothetsa madandaulo a amayi 36 okhudza minda ya Eastern Produce Malawi, ngakhale sinavomere kulakwa. Dandaulo la amayi othyola tiyi, olankhula Chichewa ndi Chilomwe, linakamveka ku London, m'Chingerezi. Pangano la ILO la nambala 190 la mu 2019, limene Namibia ndi South Africa analivomereza msanga, likhoza kufika m'dera lonse lino, koma kapitawo wa ku Thyolo sadzaliopa ngati wothyola tiyi sangathe kutchula mlandu wake.

Choncho makomiti olandira madandaulo aleke kulemba umboni m'Chingerezi chawo. Mkazi akanena kuti "anandiuza kuti ndikafuna ntchito ndidziwe chochita", mlembi wa komiti asalembe kuti bwana anamufunsira. Alembe mawu omwewo, m'chilankhulo chomwecho, ndi tsiku, malo ndi amene analipo. Kumasulira kubwere pambuyo, pambali pa mawu enieniwo. Wodandaula asunge mauthenga a pa foni ndipo auze munthu wina tsiku lomwelo, pakuti mlandu wotere kawirikawiri ulibe mboni. Wolandira dandaulo asakhale munthu amene tchuthi chake chimasainidwa ndi wodandauliridwayo. Khomo la pantchito likatsekeka, ofesi ya zantchito ya m'boma, Industrial Relations Court ndi Human Rights Commission zilipo.

Ntchito yotsala ndi ya anthu a zilankhulo. Centre for Language Studies ku Zomba inatha kutulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Kusula dzina limodzi si phiri. Koma lisasulidwe pa msonkhano wa mu hotela. Ofufuza apite ku Mulanje, ku misika ndi ku nyumba zogona ophunzira aakazi, akamve mawu amene amayi amanong'onezana pochenjezana za kapitawo wakutiwakuti kapena mphunzitsi wakutiwakuti. Dzina lofunikalo likhale ndi wochita ndi wochitiridwa, likwanire chigwa chonse chija, ndipo lisakhale ndi -an-.