Maganizo a Mkonzi: Apilo ili ndi nthawi yake

Anthu ambiri amene sanakhutire ndi chigamulo cha khoti amataya mwayi wa apilo chifukwa chochedwa kapena chifukwa chopita ku khoti lolakwika. Malamulo a Malawi anaika malire. Pa milandu ya chipukutamisozi, malo kapena ngongole, wofuna kuchoka ku High Court kupita ku Supreme Court of Appeal ali ndi masabata 6 oti apereke chidziwitso cha apilo, ndipo ngati chigamulocho chaperekedwa mlandu uli mkati, ndi masiku 14 okha. Wantchito amene wagonja ku Industrial Relations Court ali ndi masiku 30 oti adandaule ku High Court, pa nkhani za malamulo kapena mphamvu za khotilo basi.

Malirewa ndi ofunika, chifukwa mlandu uyenera kutha kuti wopambana alandire zake. Khoti likhoza kuwonjezera nthawi, koma wochedwayo ayenera kupereka zifukwa zomveka.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mayi wa kumudzi amatuluka m'khoti atanyamula pepala la Chingerezi, osadziwa kuti masiku ayamba kale kuwerengedwa. Tikupempha oweruza kuti azifotokoza m'chinenero chimene munthu akumva komwe angakadandaule komanso tsiku lomaliza. Boma nalo lipatse Legal Aid Bureau ndalama zokwanira kuti osauka apeze loya nthawi isanathe.