Khadi lolipirira basi ndi nsima ya kondakitala

M'mabasi oyenda mumzinda wa Kigali, likulu la dziko la Rwanda, simumvekanso mkangano wa chenji. Wokwera amangotulutsa khadi la pulasitiki, lalikulu ngati chiphaso cha unzika, n'kuligunditsa pa kamakina kamene kali pakhomo, pafupi ndi dalaivala. Kamakinako kakalira ndiye kuti ndalama ya ulendo yachoka, ndipo munthu amapita kukakhala. Njira imeneyi imatchedwa Tap&Go. Idakhazikitsidwa ndi kampani ya m'dzikomo ya AC Group m'chaka cha 2015, ndipo pasanapite zaka zambiri mabasi a mumzindawo adasiyiratu kulandira ndalama pamanja.

Ku Nairobi, likulu la dziko la Kenya, adayesako zomwezi Tap&Go isanayambe n'komwe. Mu Epulo 2013 kampani ya Google, mogwirizana ndi banki ya Equity, idatulutsa khadi lotchedwa BebaPay loti anthu azilipirira m'maminibasi ndi m'mabasi amene kumeneko amawatchula kuti matatu. Boma lidalamula kuti pofika pa 1 Julayi 2014 kulipira pamanja kukhale kutatha. Tsikulo lidafika anthu akulipirabe monga kale. Boma lidasunthira tsikulo kutsogolo, koma sizidaphule kanthu, ndipo mu 2015 BebaPay idatsekedwa. Chodabwitsa n'chakuti anthu a ku Kenya adali atazolowera kale kutumizirana ndalama pafoni, pakuti M-Pesa idayambira komweko mu 2007. Nanga khadi lidakanika bwanji m'dziko lotere, n'kukakhazikika ku Rwanda? Funsoli n'lofunika kwa alimi ndi ogwira ntchito zachitukuko, chifukwa mzinda uliwonse ukayamba kukonzanso kayendedwe ka mabasi, khadi limakhala m'gulu la zinthu zoyamba kutchulidwa.

Kagwiridwe ntchito ka khadili n'kosavuta kukamvetsa. M'kati mwake muli kachitsulo kakang'ono kosunga manambala, kolumikizidwa ku waya wopyapyala ngati tsitsi. Khadi lilibe batire. Limatenga mphamvu ku kamakina ka m'basi likafika pafupi, ndipo sekondi imodzi isanakwane ziwirizi zimakhala zitauzana nambala ya khadi ndi ndalama yoyenera kudulidwa. Wokwera amaikiratu ndalama pa khadi kudzera kwa maejenti a m'madepoti kapena pafoni. Ndalamayo imasungidwa ndi kampani ya makhadi kapena banki, yomwe imadulapo gawo lake n'kutumiza yotsalayo ku akaunti ya mwini basi. Apa m'pamene pagona nkhani: ndalama imachoka m'thumba la wokwera n'kukafika kwa mwini basi osadutsa m'manja mwa kondakitala.

Amene adakwerapo minibasi ku Lilongwe, ku Lusaka kapena ku Harare akudziwa kale mmene matatu ambiri amayendera. Kawirikawiri mwini galimoto amapereka makiyi m'mawa n'kutchula ndalama yoti ailandire madzulo, ija amati tageti. Dalaivala ndi kondakitala amathira mafuta kuchokera pa zimene atolera, amapatsako oitanira pa siteji, ndipo nthawi zina amasiya kenakake kwa apolisi ena osakhulupirika pamsewu. Chotsala pamwamba pa tageti ndiye malipiro awo. N'chifukwa chake amathamangitsa galimoto, amapanikiza anthu pampando, ndipo mvula ikagwa nthawi yoweruka mtengo umakwera.

Ku Nairobi khadi lidafika dongosolo limeneli lili chomwecho. Ndalama yonse idayenera kupita kubanki, mwini galimoto n'kumaona chilichonse cholowa, pomwe kondakitala adalibe chitsimikizo choti adzalandira malipiro apamwezi. Nanga mafuta amasana akagulidwa ndi chiyani? Nanga ndiwo zamadzulo? Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Makondakitala ambiri ankangobisa makinawo kapena kunena kuti sakugwira, ndipo okwera adabwerera ku ndalama yapamanja. Padalinso vuto lina. Makhadi adali amitundu ingapo, a mabanki ndi makampani osiyanasiyana, ndipo khadi la kampani ina silinkagwira pa makina a inzake. Masiku ano anthu ambiri ku Nairobi amalipira matatu pa M-Pesa, makamaka chiyambire mliri wa Covid-19 mu 2020, ndipo nthawi zambiri ndalamayo imalowa m'foni ya kondakitala kapena dalaivala. Njira imene idasiya ndalama m'manja mwa ogwira ntchito ndi imene idalandiridwa mosavuta.

Ku Kigali adayamba ndi kukonza mabasi, khadi lidabwera pambuyo. M'chaka cha 2013 akuluakulu a mzinda pamodzi ndi bungwe la boma la RURA, lomwe limayang'anira zamtengatenga, adagawa misewu ya mumzinda m'zigawo zinayi n'kuipereka kwa makampani atatu: Kigali Bus Services, Royal Express ndi RFTC, chitaganya cha makopaletivi a eni magalimoto. Mitengo ya maulendo imakhazikitsidwa ndi RURA, ndipo maminibasi aang'ono adayamba kulowedwa m'malo ndi mabasi akuluakulu. Choncho pamene Tap&Go inkafika mu 2015, idali yokambirana ndi makampani atatu okha, amene eni ake ankadandaula kale kuti ndalama zambiri zimathera m'njira. Pomaliza khadi limodzi lidayamba kugwira m'mabasi a makampani onse atatu.

Mzinda wa Johannesburg ku South Africa, komwe kukugwira ntchito anthu ambiri ochokera ku Malawi ndi ku Zimbabwe, udatsata njira yofananako. Mabasi a Rea Vaya adayamba kuyenda pakati pa Soweto ndi m'tauni pa 30 Ogasiti 2009, pakati pa mkwiyo wa eni maminibasi ena, moti m'masiku oyambirira basi ina idawomberedwa ndi mfuti. Zokambirana zidatenga nthawi yaitali. Pomaliza eni maminibasi oposa 300 adapereka magalimoto awo n'kukhala eni masheya a kampani ya PioTrans, yomwe idayamba kuyendetsa mabasiwo mu 2011. Mgwirizano udali wakuti khonsolo ya mzinda izilipira kampaniyo potengera makilomita amene mabasi ayenda, ndipo madalaivala azilandira pamwezi. Matikiti apepala atasinthidwa ndi makhadi, palibe dalaivala amene adataya chakudya chake, chifukwa malipiro ake sankadaliranso ndalama yotolera. Komabe anthu ambiri mumzindawo amakwerabe maminibasi, momwe ndalama imayenda dzanja ndi dzanja kuchokera mpando wakumbuyo mpaka kwa dalaivala.

Kumene khadi lakhazikika, ubwino wake umaoneka. Mtengo suyang'ana nkhope, kotero gogo wochokera kumudzi amalipira chimodzimodzi ndi mwana wa m'tauni, kaya kukugwa mvula kaya kuli dzuwa. Palibe woiwalitsidwa chenji, ndipo palibe wotukwanidwa chifukwa chopereka ndalama yaikulu m'mawa. Mwini basi amadziwa chimene galimoto yake yapeza patsiku, umboni umene angauonetse kubanki pofuna ngongole. Akuluakulu a mzinda amaona misewu imene ikudzaza ndi nthawi imene ikudzazira. Kumapeto kwa 2024, mzinda wa Kigali udayamba kuyesa njira yoti munthu azigunditsa khadi pokwera ndi potsika pomwe, kuti azilipira mtunda wokhawo umene wayenda, chinthu chovuta kuchichita ndi ndalama yapamanja.

Koma walira mvula walira matope. Basi yolipira pa khadi sifunanso wotolera ndalama, ndipo ku Kigali makondakitala ambiri ntchito idawathera. Khadi siliwonjezeranso mipando. M'chaka cha 2023 anthu a mumzindawo ankaima nthawi yaitali pamizere m'madepoti, makhadi ali m'manja, mpaka boma lidachita kuitanitsa mabasi atsopano.

Amene khadi lingamulemere kwambiri ndi mlimi wobwera m'tauni kamodzi pamwezi ndi dengu la tomato kapena thumba la mbatata. Asanakwere n'komwe ayenera kugula khadilo. Ndalama yotsala pa khadi sangagulire mchere kumudzi, imangodikira ulendo wina. Iye amafika m'bandakucha kuti apeze malo pamsika, nthawi imene ejenti woikitsa ndalama angakhale asanatsegule. Mtengo wa katundu, umene amakambirana ndi kondakitala, makina saudziwa pokhapokha wina adaulemberatu, ndipo kondakitala yemweyo ndi amene amamuthandiza kukweza ndi kutsitsa thumba. Munthu akaperewera pang'ono, kondakitala amatha kumumvera chisoni, pomwe makina amangokana. Khadi likatayika lisanalembetsedwe m'dzina la mwini wake, ndalama yake imavuta kuibweza. Likalembetsedwa, kampani imasunga mbiri ya maulendo onse amene munthuyo wayenda, ndipo m'pofunika lamulo lonena amene angaione mbiriyo.

Ngakhale mzinda wolemera wa London ku Britain sudapupulume. Khadi la Oyster lidayamba mu 2003, koma mabasi adapitirizabe kulandira ndalama pamanja mpaka Julayi 2014, patatha zaka 11. Posiya ndalama yapamanja, adakhazikitsa lamulo loti munthu amene ndalama yamuperewera pa khadi aziloledwa kukwera ulendo umodzi, n'kudzabweza akaikanso ndalama, kuti wina asagone panjira.

Kotero mphekesera ya makhadi ikamveka m'boma kapena mumzinda uliwonse m'chigawo chino, makomiti achitukuko, makalabu a alimi ndi magulu a amayi ochita malonda asadikire kuitanidwa. Safunsa adadya phula. Ayenera kufunsa mtengo wa khadi, ndiponso ngati ndalama yotsala ingabwezedwe kwa mwini wake. Ayenera kudziwa ngati khadi limodzi lidzagwire m'mabasi a makampani onse, ngati ndalama ingaikidwe kuchokera pafoni wamba munthu ali kumudzi, ndiponso chimene chidzachitike netiweki kapena magetsi akavuta. Mtengo wa dengu ndi wa thumba ulembedwe poyera khadi lisanayambe. Ndalama yapamanja ndi khadi ziyendere limodzi kwa nthawi yokwanira, ndipo wobwera mwa apo ndi apo akhale ndi njira yogulira tikiti ya ulendo umodzi.

Funso lalikulu pa onsewa ndi la ogwira ntchito m'galimoto. Kodi dalaivala adzalandira malipiro apamwezi olembedwa pa kalata ya ntchito? Kodi mafuta adzagula ndani? Kodi kondakitala adzasanduka woyang'anira makhadi, wothandiza okweza katundu kapena ejenti wa pa depoti, kapena adzangouzidwa kuti apite kwawo? Ambiri mwa anyamata amenewa ndi ana a alimi omwewo, ndipo kandalama kamene amatumiza kumudzi ndi kamene kamagula feteleza ndi mbewu. Wogwira ntchito zachitukuko amene akusonkhanitsa anthu pa nkhani ya makhadi aonetsetse kuti madalaivala ndi makondakitala ali ndi mipando yawo pamsonkhanowo, moyandikana ndi eni mabasi, a banki ndi akuluakulu a khonsolo, ndipo za malipiro awo zigwirizanidwe makina asanagulidwe.