Kodi Ana Tikawasambitse Kuti pa Tchuthi?

Makolo anzanga, ana a masiku ano aona pa mafoni malo oseŵererako a kunja, monga Valley of Waves ku Sun City m'dziko la South Africa, kumene makina amautsa mafunde m'dziŵe lokumba ndi manja, ndipo ana amatsetsereka m'mipaipi ikuluikulu nkugwera m'madzi. Tsono sukulu zikatsekera mwana amabwera ndi pempho lake, ndipo bambo ndi mayi amayang'anana. Ambiri a ife thumba silingatifikitse kutali kotero. Kusankha kwathu kuli pakati pa dziŵe losambira la pa hotela, gombe la Senga Bay ku Salima, ndi Cape Maclear ku Mangochi.

Wochokera ku Lilongwe ayenda makilomita ngati 100 kukafika ku Salima, ndi ena ngati 20 kukafika ku Senga Bay. Banja likhoza kunyamuka m'mamaŵa, kusamba, kudya kamba wake pamchenga, nkubwerera dzuŵa lisanaloŵe, osalipira malo ogona. Ku Cape Maclear nkopitirira makilomita 200, kudzera ku Dedza ndi kutsika chitunda chokhotakhota cha ku Golomoti. Ulendo umenewo ngwogonera. Woupanga tsiku limodzi ana ake adzaona msewu koposa nyanja.

Komatu Cape Maclear ili ndi zimene Senga Bay ilibe. Malo aŵa ali m'nkhalango yotetezedwa ya Lake Malawi National Park, imene idakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidaiika pa mndandanda wa malo amtengo wapatali a dziko lonse lapansi. Pafupi ndi chilumba cha Thumbi madzi ndi oyera mbee, ndipo mbuna zamaŵangamaŵanga zimabwera kufikira m'manja. Mwana amene adangoona nkhwazi pa chithunzi m'buku la kusukulu adzaiona ikutsika kudzatola nsomba pamadzi. Pomwepo pali manda a ena mwa amishoni a pa mishoni imene adaiyambitsa anthu ofika ndi sitima ya Ilala mu 1875, Dr. Robert Laws ali m'gulu lawo, isanasamukire ku Bandawe mu 1881. Mwana wa Sitandade 6 kapena 7 adzabwerako ndi zambiri m'mutu.

Nkhani imene ambiri saifunsa ndi ya likodzo. Nthendayi siiloŵa m'thupi ndi chakudya ayi. Munthu wodwala akakodzera m'madzi, mazira a tinyongolotsi amaswa, ndipo tiana take timaloŵa m'nkhono zazing'ono zokhala m'madzi odikha, makamaka pa bango ndi udzu. Tikakula timatuluka m'nkhonomo ndi kuboola khungu la aliyense amene waima m'madzimo, ngakhale wongoviika miyendo. Ku Chembe, mudzi wa pa Cape Maclear, likodzo lidachuluka kuyambira zaka za m'ma 1980, ndipo akatswiri ena adaloza ku kuchepa kwa nsomba zodya nkhono chifukwa cha kuŵedza kopitirira muyeso. Gombe la mchenga wokhawokha lomenyedwa ndi mafunde likhala ndi nkhono zochepa, koma palibe gombe limene munthu angalumbire kuti lilibiretu. Mankhwala ake, praziquantel, amapha nyongolotsi zokhwima zokha. Nchifukwa chake kumwa tsiku lobwerera kunyumba nkutaya mankhwala. Muŵerenge masabata 6 mpaka 8, kenaka mupite ndi ana kuchipatala, ngakhale magazi sadaoneke m'mkodzo. Madzi a m'dziŵe la pa hotela, akathiridwa klorini moyenera, alibe vuto limeneli, ndipo apa mpamene dziŵe lipambana nyanja.

Lipambananso pa ana aang'ono. Dziŵe lili ndi malire, pansi pake pamaoneka, ndipo kuya kwake kaŵirikaŵiri kumalembedwa m'mphepete. Musanalipire pakhomo muyang'ane ngati pansi pa mbali yakuya pakuoneka bwino. Madzi akakhala obiriŵira kapena a mbuu, bwererani. Mwana womira m'madzi otere saoneka. Mufunsenso ngati pali munthu wodziŵa kusambira amene ntchito yake ndi kulondera osamba. Safunsa adadya phula.

Ana athu a ku mtunda, a ku Dowa, Ntchisi ndi Dedza, adazoloŵera mitsinje yolekeza m'maondo. Akafika kunyanja amaona anzawo a kumeneko, ena a zaka zisanu zokha, akudumphira m'madzi kuchokera m'bwato, ndipo amayesa nchinthu chapafupi. Inu anyamata, manyazi oti "sinditha kusambira" ngochepa poyerekeza ndi chimene chimatsatira. Ndipo chubu cha galimoto si bwato: mphepo imachikankhira kwakuya mwakachetechete, mwini ali kuseka. M'miyezi yozizira, kuyambira Meyi kufikira Seputembala, mwera umatha kuutsa mafunde amene ngakhale asodzi amawaopa. Asodziwo ndiwo oyenera kuwafunsa za mphepo ya tsikulo, ndi za kumene kumakhala ng'ona ndi mvuu. Pa mathiriro a mitsinje ndi m'mabango musasambe, ndiponso kukayamba mdima onse atuluke. Wokwera boti lopita ku chilumba aumirire kuti mwana aliyense avale jekete loyandamitsa.

Mwana womira safuula monga momwe timaganizira. Pakamwa pake pali kalikiliki kufuna mpweya, ndipo amamira anthu ali pafupi. Choncho wamkulu mmodzi apatsidwe ntchito yoyang'ana ana, osagwira foni, osasenda mbatata, ndipo akatopa atchule dzina la womuloŵa m'malo. Pa ulendo wa mabanja angapo mpamene ngozi imabisala, popeza aliyense amayesa kuti mnzake akuyang'ana.

Kwa ine, banja la ana osafika zaka 7 lisankhe dziŵe loyera lapafupi, ndalama za ulendo wautali lisunge. La ana osakanikirana misinkhu, lokhala ndi tsiku limodzi lokha, lipite ku Senga Bay. Cape Maclear idikire kufikira ana atakula ndipo thumba likulola kugonako usiku uŵiri. Kulikonse kumene mwasankha, yambani mwaimba foni: mu 2024 nyanja idadzaza kwambiri, ndipo m'malo ambiri mchenga wa pagombe udamira pamodzi ndi nyumba zina zogonamo alendo.