Buku Silinamenye Mwana

Kwa zaka zambiri, anthu ena ku America akhala akuumiriza aphunzitsi kuti achotse buku lotchedwa The Outsiders pamaso pa ana a sukulu. Akuti muli mipeni, fodya, mowa, mawu achipongwe ndi mabanja osalongosoka. Madandaulo awo anachuluka kotero kuti bungwe la American Library Association linaika bukuli m'gulu la mabuku 100 amene anatsutsidwa kwambiri pakati pa 1990 ndi 1999. Ife tikunena mosapsatira mawu kuti anthu amenewa akulakwa, ndipo kulakwa kwawo n'koopsa chifukwa kumaoneka ngati kusunga mwambo.

Bukuli linatuluka mu 1967. Analilemba ndi S. E. Hinton, mtsikana wa mumzinda wa Tulsa ku Oklahoma, amene analiyamba adakali pa sukulu ya sekondale. Nkhani yake ndi ya magulu awiri a anyamata odana: ma Greasers, ana a amphawi, ndi ma Socs, ana a anthu achuma. Mpeni ulimo ndithu, sitikukana. Koma kodi otsutsawa anafunsapo kuti mpeniwo unalowa bwanji m'thumba la mwana?

Taonani Johnny Cade, wa zaka 16, amene anabaya mnyamata wa gulu linalo. Kunyumba bambo ake amam'menya, mayi ake amam'kumbuka pokhapokha akafuna wom'kalipira, ndipo nthawi zambiri amagona panja. Ma Socs anali atam'menyapo kale mpaka kum'siya thapsa. Usiku wa ngoziyo anatulutsa mpeni poona kuti mnzake Ponyboy akum'miza m'madzi. Mnyamata yemweyu pambuyo pake analowa m'tchalitchi choyaka moto kukapulumutsa tiana, nathyoka msana. Ali gone m'chipatala, imfa ili pafupi, mayi ake anabwera, iye anakana kuwaona. Tsamba limenelo ndilo limapweteka akuluakulu, osati la fodya ayi.

Mwina wina anganene kuti zimenezo n'za amphawi. Apa, inu a m'maofesi ndi atsogoleri anzathu, tcherani khutu. Bob, amene anabayidwa uja, anali ndi zonse: ndalama, zovala, mphete zodula ku zala. Mnzake wapamtima anaulula kuti makolo ake sanam'kanizepo kanthu, ndi kuti atabwera kunyumba ali chiledzerere, iwo anadziimba okha mlandu m'malo mom'dzudzula. Wina anaonongeka ndi chikwapu, wina ndi kulekereredwa, ndipo onse awiri anakumana pamalo amodzi usiku, popanda wamkulu wofunsa kuti mwana wanga ali kuti.

M'buku lonseli, amene akuyesetsa kulera ndi Darry, mnyamata wa zaka 20. Makolo atafa pa ngozi ya galimoto, iye anasiya maganizo opita ku koleji nayamba ntchito yofolera nyumba kuti abale ake awiri asatengedwe ndi boma kukasungidwa kwina. Nayenso anaphonya: tsiku lina, chifukwa cha mantha ndi kutopa, anamenya Ponyboy khofi, mwanayo nathawira kumene kunali tsoka. Mlembi sanam'kometse, ndipo anachita bwino, pakuti katundu wa bambo ndi mayi sangasenzedwe ndi mnyamata mmodzi.

Tsono akuti bukuli limaphunzitsa ana uchigawenga. Liti? Ma Greasers anapambana ndewu yaikulu, koma atakamuuza Johnny, iye sanaonepo phindu lililonse, ndipo anamwalira usiku womwewo. Dally, wouma mtima koposa onse, analephera kupirira imfa ya mnzakeyo, naloza apolisi mfuti yopanda zipolopolo kuti amuombere. Anyamata atatu m'manda! Mwana wanji angawerenge zotere nakhumbira moyo umenewo? Akuluakulu akale anati wobisa matenda maliro adzamuulula. Kutsekera buku m'kabati sikubweza mwana amene wagona panja, kumangopatsa kholo mpata woti lisadzione.

Ndipo ana eni ake anayankha kale. Filimu ya bukuli, imene Francis Ford Coppola anatulutsa mu 1983, inapangidwa chifukwa ana a pa sukulu ina ku Fresno, California, pamodzi ndi mayi woyang'anira mabuku pa sukulupo, anam'lembera kalata yom'pempha kuti aipange.