Nkhani yopeka, koma yosanama

Acinyamata ena a m'maparishi mwathu ayamba kulemba nkhani zopeka zonena za cikhulupiriro. Alibe kampani yowasindikizira mabuku. Amalemba m'kope kapena pa foni, napita ku Ulónguè kukacita fotokopia, Misa ikatha n'kumadikira ogula pabwalo. Makolo ena akudandaula, akuti Mkristu sayenera kusimba za anthu amene sanakhaleko, popeza limenelo ndi bodza.

Ife tikuona mosiyana. Pamene mfumu Davide inatenga mkazi wa Uriya, mneneri Natani sanayambe ndi kudzudzula. Anasimba za munthu wolemera amene analanda kamwana ka nkhosa ka mmphawi, ndipo Davide anaweruza mlanduwo mwaukali asanazindikire kuti akudziweruza yekha. Ambuye Yesu nawonso anaphunzitsa m'mafanizo. M'cinenero cathu comwe muli citsanzo cakale: mphunzitsi Samuel Josiah Nthara wa ku Malawi analemba buku lochedwa Nthondo, lotuluka mu 1933, losimba moyo wa mwamuna wacicewa kuyambira kubadwa mpaka kutembenuka mtima. Ndipo mu 2024 Papa Francisco analemba kalata yolimbikitsa ophunzira za unsembe, pamodzi ndi Akristu onse, kuwerenga nkhani ndi ndakatulo. Ife amene tinaphunzira sekondale m'Cipwitikizi timadziwa kusowa kwa mabuku a Cinyanja m'nyumba zathu, conco wolemba aliyense timulandire ndi manja awiri.

Bodza limene timaliopa lili pena. Nkhani zambiri zotere zimayenda njira imodzi: bambo woledzera kacasu alapa, caka cotsatira akolola cimanga nkhokwe zitatu, mbatata igulidwa pa mtengo wabwino, agula njinga yamoto, mdani wake n'kugwa m'dzenje. Owerenga amaomba m'manja, wolemba amagulitsa msanga. Koma taganizirani mayi amene amapemphera korona tsiku ndi tsiku, komabe anaika mwana m'manda dzinja lathali, ndipo munda wake unakokoloka. Iye akamva nkhani yotere amaphunziramo ciyani? Amaphunzira kuti Mulungu amalipira okondedwa ake ndi katundu, ndi kuti iyeyo sali m'gulu lawo. Kumeneko ndiko kunamizira Mulungu, ngakhale tsamba lililonse litachula dzina la Yesu.

Taonani mmene fanizo la mwana wolowerera limathera mu Luka 15. Phwando lili mkati, mwana wamkulu waima panja ndi mkwiyo, bambo watuluka kukamupepesa. Kodi analowa? Sitiuzidwa. Womvera amapita kwawo funsolo lili pamtima, cifukwa mwana wamkuluyo ndi iye yemwe. Wolemba wathu aphunzirepo kulimba mtima kotere. Alembe za mkangano wa malire a munda pakati pa abale obatizidwa, za mnyamata amene anapita ku Joni osatumizanso uthenga, za katekista wansanje (inde, ifenso tingalowe m'nkhani, ndipo osati monga angelo). Cisomo cimaoneka bwino pamene chimo lasimbidwa monga liliri.

Tsopano za kugulitsa. Wolemba anataya masiku amene akanakhala kudimba, anagula mapepala ndi ndalama zake. Tisamupemphe buku laulere pomuuza kuti ndi nchito ya Mulungu, pamene wogulitsa tomato timamulipira osawiringula. Komanso tisamagawane buku lake lonse pa WhatsApp iye osadziwa.

Koma wolembayo adziwe kuti guwa si msika. Malamulo a Eklezia, pa nambala 827, amaletsa kuonetsa, kugulitsa kapena kugawa m'chalichi mabuku onena za cipembedzo kapena makhalidwe popanda cilolezo ca akuluakulu a Mpingo. Ena amaliona lamuloli ngati cipsinjo kwa wolemba wodziimira payekha. Ife timaliona mwa mtundu wina: buku logulidwa m'nyumba ya Mulungu anthu akumudzi amalilandira ngati mawu a Mpingo, ndipo sadzasiyanitsa maganizo a mnyamata ndi katekisimu. Conco wolemba apite nalo kwa bambo mfumu lisanasindikizidwe, amve zimene awona. Akaliwerengetsenso kwa agogo awiri kapena atatu, amene sadziwa malamulo a kalembedwe koma amamva msanga pamene munthu wa m'nkhani wayankhula mosayenera msinkhu wake.

Njira yofalitsira imene ikutiyenera ife ndi ya pakamwa. Ambiri mwa akulu athu sawerenga, koma madzulo amamvetsera. Wolemba apemphe mpata pa msonkhano wa mphakati, awerenge mutu umodzi mokweza, alekere pamene mitima yakwera m'mwamba. Mabanja atatu angathe kusonkherana mametikali n'kugula kope limodzi, mwana wa sukulu n'kumawawerengera mutu umodzi usiku uliwonse akatha kudya.