Kiyi wa ku stolo sitipatsa aliyense, nanga pasiwedi bwanji?

Sabata yatha mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa masamu ali Fomu 3 anabwera kuno ku Nzama kudzazonda mayi ake. Masiku ano amagwira ntchito ya makompyuta ku Blantyre. Tinacheza mpaka dzuwa kulowa, ndipo nkhani imene anandiuza yandisowetsa tulo.

Akuti kuntchito kwawo kuli kompyuta yaikulu ya IBM, mtundu umene unatuluka mu 1988 ndi dzina la AS/400 (pano amautcha IBM i). Si ya padesiki ngati zathuzi ayi, ndi yosunga maakaunti ndi malipiro a kampani yonse. Kalaliki akalowamo amaona ntchito zake zokha: wolemba katundu saona za malipiro, wa malipiro saona za katundu. Mabwana nkumagona tulo kuti zonse zili bwino.

Koma makinawo ali ndi khomo lina lotchedwa FTP, lotumizira mafayilo kuchokera pa kompyuta ina kupita pa ina. Khomo limeneli silisamala za ndandanda ya ntchito imene kalaliki amaona pa sikirini. Limangoyang'ana chilolezo chimene chinaikidwa pa fayilo yeniyeniyo. Ngati woika makina anachita ulesi nkusiya fayiloyo yotsegukira aliyense, kalaliki wa katundu uja akhoza kukopera fayilo ya malipiro, kuisintha, kapenanso kuifufuta, pogwiritsa ntchito pasiwedi yake yomwe ija. Kutsogolo kuli mlonda ndi chibonga, kuseri windo la kukhitchini lili pululu. Chinanso, FTP yakale imatumiza dzina ndi pasiwedi osazibisa, moti wotchera khutu pa netiweki amaziwerenga bwinobwino. N'chifukwa chake Chrome ndi Firefox anaichotsa mu 2021, ndipo osamala amagwiritsa ntchito SFTP imene imabisa zonsezo.

Mwina mukuti, aphunzitsi, izi zikutikhudza bwanji ife a choko? Kumbukirani 2013. Ndalama za boma zinkadutsa mu IFMIS, makina a kompyuta olembera malipiro onse a boma. Anthu ena okhala ndi chilolezo cholowamo ankalemba malipiro a makampani amene sanagwire ntchito iliyonse, cheke nkutuluka, kenako nkufufuta umboni wake m'makinamo. Pa 13 September 2013 a Paul Mphwiyo, mkulu wa za bajeti, anawomberedwa ku Lilongwe, ndipo zobisika zinayamba kutuluka. Lipoti la Baker Tilly la mu 2014 linapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasokonekera m'miyezi 6 yokha, kuyambira April mpaka September 2013. Mayiko othandiza anaimitsa thandizo lawo la bajeti, ndipo amene tinali m'kalasi nthawi imeneyo tikudziwa mmene zinthu zinathinira.

Sindikunena kuti akuba a Cashgate analowera pa FTP ayi. Ndikunena kuti nthenda yake ndi imodzi. Munthu mmodzi yemweyo amatha kulemba, kuvomereza ndi kufufuta. Ambiri ankati kompyuta ndiyo yalakwa, koma ine ndikukana. Analakwa ndi amene anagawa makiyi osafunsa kuti uyu akufunikadi kiyi wa chipinda chiti.

Ndipo ife aphunzitsi tisaloze chala kwambiri ku Capital Hill. Pasukulu ina imene ndinaphunzitsako, kompyuta ya mu ofesi inali ndi pasiwedi imodzi, yolembedwa pa kapepala komata pansi pa kiyibodi. Ahedi, achiwiri awo, ife tonse, ngakhale ana amene tinkawatuma kukasindikiza mapepala, tonse tinkaidziwa. Teremu ina malikisi a mwana wina anakwera kuchoka pa 38 kufika pa 83. Ndinazindikira chifukwa ndimasungabe kabuku kanga ka pamanja. Pamsonkhano tinangoyang'anana. Palibe amene akanagwidwa, pakuti makina ankangoonetsa dzina limodzi lomwelo. Choipa kwambiri n'chakuti tinayamba kukayikirana, ndipo mphunzitsi wina wosalakwa anayenda ndi manyazi chaka chonse.

Ndikudziwa chimene ena munganene: kupatsa munthu chilolezo chochepa kuli ngati kumuuza kuti ndiwe wakuba. Ife Amalawi zimenezi zimativuta, makamaka kwa wamkulu. Koma kiyi wa ku stolo ya mabuku amasunga munthu mmodzi, ndipo palibe amene amakwiya. Pa mayeso a MANEB envulopu timaitsegula pamaso pa ana, woyang'anira nkusaina, ndipo palibe amati wanyozedwa. Dzina lakolako m'makina limakuteteza iwe mwini, chifukwa tsiku la mlandu limasonyeza kuti sunakhudzeko.

Tsono ahedi, chonde, mphunzitsi aliyense akhale ndi dzina ndi pasiwedi yake. Wa Chichewa athe kusintha malikisi a Chichewa okha, enawo azingowaona. Kufufuta kukhale kwa munthu mmodzi, ndipo makina azilemba kuti wafufuta ndani, liti. Mphunzitsi akasamutsidwa, dzina lake litsekedwe tsiku lomwelo. Mnyamata uja wandilonjeza kuti akabweranso pa Khirisimasi adzandionetsa kachitidwe kake, ndipo ofuna kudzaphunzira nawo mundiuze msanga kuti ndipemphe chipinda.